Mvula ya Lolemba

Mzime anadina batani, natsamira pampando kudikira kuti kompyuta imalize kutafuna. Kwa miyezi inayi anakhala akuidyetsa manambala ochokera pa mafomu akale a mvula: masiteshoni makumi asanu ndi limodzi, mapepala ena odyedwa ndi chiswe m'mbali, ena onunkha makoswe mpaka kuyetsemulitsa. Lero ndiye linali tsiku loona ngati zala zake zinatupira pachabe.

Pulogalamu imene ankagwiritsa ntchito inali yatsopano mu ofesi ya zanyengo imeneyo. Ukaipatsa manambala a zaka zambiri, inkawasanja, n'kuwayerekeza ndi a masiteshoni oyandikana, kenako n'kujambula mapu osonyeza kumene mvula imachuluka ndi kumene imachita ulesi. Malo amene kunalibe woyeza inkawadzaza yokha potengera masiteshoni apafupi. Koma isanayambe kujambula, inkayamba yasaka wabodza. Siteshoni imene manambala ake anali omveka inkaipatsa kadontho kobiriwira. Yokayikitsa inkaipatsa kofiira.

Mapu anatuluka pang'onopang'ono kuyambira kumwamba. Timadontho tobiriwira tinamera ngati nyemba m'dimba, ndipo Mzime anayamba kumwetulira. Tofiira tinalipo tisanu ndi tiwiri, koma iye anaona kamodzi kokha. Kanali m'munsi mwa phiri, m'chigwa mmene iye anabadwira, katatukumuka ngati chithupsa. Siteshoni 23.

"Yagwira akuba angati?"

Amene anafunsa choncho anali mnzake wa tebulo loyandikana, amene onse ankangomutchula kuti Wamapu. Anadzikankha ndi mpando wake wa matayala atatu mpaka kudzagunda tebulo la Mzime, kathumba ka mtedza kali m'manja. Asanayankhidwe n'komwe, anatambasula dzanja n'kudina pa kadontho ka m'chigwa kaja. Pasikirini panaima mizati isanu ndi iwiri, umodzi pa tsiku lililonse la sabata, wosonyeza mvula yonse imene inagwa pa tsikulo. Isanu inali yofanana msinkhu. Wa Lamlungu unali chitsa. Wa Lolemba unali utatalika ngati bulugamu.

Wamapu anaseka mpaka mtedza kumuthawa m'kamwa.

"Achemwali, tabwerani mudzaone zodabwitsa! Kuchigwaku mvula ndi yopemphera. Lamlungu imapita kutchalitchi, Lolemba imabwera itabereka ya dzulo kumsana."

"Ndaona," anatero Mzime.

"Awa ndimawadziwa ine. Loweruka madzulo mkuluyu amalowa kumowa. Lamlungu m'mawa mutu ukulira ng'oma, choyezera mvula sakuchiona n'komwe, amangolemba ziro. Lolemba akatsitsimuka amapeza madzi a masiku awiri ali phaa, n'kulemba onse pamodzi. Chidakwa cha munthu!"

"Sanalawepo mowa chibadwire."

"Mukumudziwa?"

"Ndi bambo anga."

Mtedza unalowera njira yolakwika. Wamapu anatsokomola, misozi ili mbwe, kwinaku akubwerera chambuyo ndi mpando wake. "Pulogalamuyi nayonso," anatero atapeza mpweya, "nthawi zina imalankhula zaulemu wochepa."

Abwana anatuluka m'chipinda mwawo atamva phokosolo. Anali mayi wamfupi, magalasi ali lende pa chingwe pachifuwa, wosakonda kubwereza mawu. Anayang'ana mizatiyo kwa kanthawi, nayang'ana Mzime.

"Ndamva kuti ndi bambo ako. Kompyuta sidziwa zimenezo, inenso ndiyesetsa kusazidziwa. Woyeza akalemba ziro pa tsiku limene sanayeze, pulogalamu imawerenga kuti kunali ng'amba. Akaunjika madzi pa Lolemba, imawerenga kuti kunagwa chimvula. Alangizi a zaulimi akufuna kudziwa masiku a ng'amba ndi a chimvula, si nthano."

"Palibe chimene tingachite?"

"Chilipo. Mwini wake avomere polemba, atipatsenso masiku enieni amene sanayeze. Tikatero tiiuza pulogalamu kuti madzi a Lolemba limenelo ndi a masiku awiri, iyo igawa poyang'ana mmene inagwera kwa oyandikana nawo. Popanda masikuwo, siteshoni 23 ichoka yonse. Mapu akupita Lachisanu."

Linali Lachiwiri.

Nthawi ya nkhomaliro anthu onse anatuluka, Mzime anatsala. Anatsegula tebulo la manambala a bambo ake: zaka makumi atatu ndi chimodzi, mzere uliwonse tsiku limodzi. Manambalawo anawalowetsa yekha, ndipo polowetsapo ankachita kuimba, chifukwa pa mafomu onse a mu ofesimo a bambo ake okha ndiwo anali osakhwatcha, nambala 7 iliyonse ili ndi kalamba m'chiuno. Anakumbukira ali kamtsikana, ataimirira kunja kwa mpanda wa waya kuseri kwa depoti ya mbewu kumene bambo ake ankasunga katundu. Eyiti koloko m'mawa iwo ankatsegula loko, n'kuchotsa fanelo, n'kuthira madzi m'galasi la mizere, n'kulinyamula mpaka pamaso ngati wansembe. Munthu sankaloledwa kuwalankhula mpaka atalemba.

Anaika kamuvi pa Lolemba lina la mamilimita 64. Kuchotsapo makumi atatu n'kuwaika pa Lamlungu inali ntchito ya zala ziwiri. Atachita choncho m'malo okwanira, mizati ikanafanana, kadontho kakanabiriwira, palibe akanadziwa. Analemba 3. Anayang'ana nambalayo, yonenepa, yopanda mwini, itakhala pakati pa manambala a bambo ake ngati mlendo wosaitanidwa. Anaifufuta, natseka laputopu, nakapempha tchuti cha tsiku limodzi.

Lachitatu m'mawa basi inamutsitsa pamphambano, ndipo anayenda wapansi kukafika kwawo. Anapeza bambo ake ali pakhonde akukonza ambulera ya anansi, mwendo wakumanzere atautambasula pa kampando chifukwa bondo lake silinkapinda. Amayi ake anali m'nyumba pa makina osokera, mapini ali pakamwa.

"Mzime pakati pa sabata?" anatero amayiwo atalavulira mapini m'dzanja. "Akuchotsa ntchito kapena wapeza mwamuna?"

"Zonse ayi, amayi. Ndabwera ndi ntchito ya bambo."

Bambo ake analowa akuwala nkhope. Anadziwa kuti mwana wawo akulowetsa mafomu awo mu kompyuta, ndipo anali atauza kale aliyense wa mumsewuwo, mpaka wogulitsa makala. Anakhala pansi pa satifiketi yawo ya m'felemu, imene inkanena kuti anayeza mvula zaka makumi atatu ndi chimodzi osaphonya tsiku. Amayi ankaipukuta fumbi Loweruka lililonse, ndipo Mzime anali asanamvetsepo chifukwa chimene popukutapo ankaimba kanyimbo konyogodola.

Anasuntha nsalu patebulo, natsegula laputopu, naonetsa mizati isanu ndi iwiri ija. Anafotokoza mosazungulira. Bambo ake anavala magalasi, nayang'ana, nawavula.

"Makina akowa anabadwa liti?"

"Pulogalamuyi yatha zaka zisanu."

"Zaka zisanu! Ndiye mwana wa zaka zisanu akudziwa mvula imene inagwa iweyo usanabadwe? Inalipo?"

"Inalibe, bambo. Koma mitambo sidziwa kalendala. Pa zaka zambiri chonchi, tsiku lililonse la sabata liyenera kulandira mvula yofanana ndi linzake. Taonani siteshoni ya kuphiri. Taonani ya kudamu. Mizati yonse ndendende."

"Kuphiri ndi kuphiri. Kuno ndi kuchigwa. Mvula ya kuno ili ndi khalidwe lake."

Makina osokera anali atasiya kulira.

"Chabwino," anatero Mzime. "Tiyeni tiifunse chaka ndi chaka."

Anadina, ndipo pulogalamu inayala zithunzi makumi atatu ndi chimodzi zazing'ono, chaka chilichonse chakechake. Apa ndi pamene iye mwini anadabwa, chifukwa ku ofesi mantha sanamulole kufika pamenepa. Zaka zisanu ndi zitatu zoyambirira zinali zokhota, Lamlungu pansi, Lolemba m'mwamba. Kuyambira chaka chachisanu ndi chinayi mpaka kumapeto, mvula inkagwa tsiku lililonse mosasankha.

"Bambo, chaka ichi chinachitika n'chiyani? Mvula inasiya bwanji kupemphera?"

Bambo ake anayang'ana kudenga. Amayi anadzuka pamakina, nabwera kudzasuzumira, akuwerenga zaka ndi chala. Atafika pa chaka chija anagwira tebulo. Mapewa anayamba kugwedezeka. Kenako chiseko chinaphulika, cha pansi pa mimba, chosungidwa zaka zambiri.

"Bondo!" anakuwa. "Mayo ine, bondo! Makinawa aona bondo!"

"Amayi ake Mzime, samalani pakamwa."

"Ndisamale chiyani? Ndasamala zaka makumi anayi, pakamwa pachita dzimbiri! Mwana wanga, ukuwaona bambo akowa? Amenewa ndi a Chitseko. Goloboyi wa timu ya padepoti. Akaima pagolo ngakhale ntchentche imapempha chilolezo."

"Zoti ankasewera ndimadziwa. Koma si munkati anasiya atapatsidwa choyezera mvula? Ndipo bondo si anagwa panjinga?"

"Njinga yake inali ndi nambala naini kumsana," anatero amayi akupukuta misozi ndi chidutswa cha nsalu ya kasitomala. "Masewero akakhala a kutali, lole inkanyamuka Lamlungu tambala asanatsike. Eyiti koloko imawapeza ali pamwamba pa lole akuimba. Ine kuno mvula ikugwa, ndikuchiyang'ana choyezeracho kudzera pawaya, kiyi atapita nayo m'sokosi. Ndinkawauza kuti ndisiyireni, kuthira madzi m'galasi n'kovuta chiyani? Ayi, ntchito ya ophunzira. Lolemba iwo kukayeza madzi a masiku awiri, ine kuchapa matope a dera lina. Mapanga awiri avumbwitsa, bambo. Lero mwavumbwa ndi mvula yakalekale."

Bambo anadzuka. Kudzuka kwa munthu wa bondo louma sikukhala kwa msanga, ndipo kumachotsa ulemerero wa mkwiyo, komabe anayesetsa. Anatuluka pakhomo la kuseri osatenga ndodo yawo.

"Asiye apume," anatero amayi. "Ukatero uwatengere tiyi. Shuga masupuni atatu, wa munthu wogwidwa."

Mzime anawapeza atakhala pa njerwa pafupi ndi thanki ya madzi, akuthothola udzu umene unalibe mlandu. Anaika kapu pambali pawo, nakhala pansi, laputopu ili pamiyendo.

"Kunali woyendera masiteshoni," anayamba bambowo, osamuyang'ana. "Ankabwera panjinga yamoto, chipewa chachikopa. Akapeza mpata pafomu ankafunsa kamodzi. Akapeza kachiwiri ankazula choyezera n'kukapatsa wina. Ine ndinkachifuna choyezeracho. Mpiranso ndinkaufuna. Ndinali mnyamata, ndinkaona ngati ziro salemera."

"Ndamva, bambo."

"Koma madzi sindinatayepo ngakhale dontho. Ena ankakhuthula osayeza, n'kulemba za m'mutu. Ine chimene chagwa m'fanelo chinkafika papepala."

"Zimenezo pulogalamu yaona kale. Tikaphatikiza mvula ya mwezi wonse, siteshoni yanu imagwirizana ndi zinzake kuposa ina iliyonse. N'chifukwa chake ndakwera basi. Zikanakhala zinyalala ndikanangozisiya zichotsedwe, n'kudzakuuzani pa maliro a wina."

Bambo anamuyang'ana cham'mbali. "Pakamwa ngati amako."

"Chikufunika ndi kalata yovomera, ndi masiku amene munachoka. Basi."

"Ndiye dziko lonse lidziwe kuti ndinanama?"

"Dziko lonse lake ndi anthu atatu: ine, abwana, ndi munthu wina wodya mtedza."

"Nanga ndikakana?"

"Siteshoni 23 ichoka. Zaka zonse makumi atatu ndi chimodzi, zabwino ndi zoipa zomwe."

Bambo anamwa tiyi pang'ono. "Zichoke. Ine ndinagwira ntchito yanga. Satifiketi ndili nayo."

Mzime anatsegula laputopu, nachotsa chizindikiro pa siteshoni 23, nauza pulogalamu kuti ijambule mapu popanda iyo. Anatembenuza sikirini kuti iwo aone. Pamapupo malo a mvula yambiri ankaoneka a buluu, a mvula yochepa achikasu. Buluu wa kuphiri anatsika pang'onopang'ono, nadzaza chigwa chonse ngati inki yotayikira pansalu.

"Ichi n'chiyani?"

"Mukachoka inu, pulogalamu ilibe womufunsa za kuno. Ifunsa a kuphiri ndi a kudamu. Ikuti chigwachi chimalandira mamilimita 1,200 pa chaka."

"Wani sauzande thuu handiredi!" Tiyi anatayikira pa thalauza. "Kuno? Chaka chabwino kwambiri ndinapeza 870, ndipo anthu anavina! Phiri lija ndi mbala, limakama mitambo yonse isanafike kuno. Aliyense amadziwa zimenezo!"

"Aliyense wa kuno. Alangizi a zaulimi aona mapuwa ali kutali. Anena kuti kuno kubzalidwe mbewu yochedwa kucha, yokonda madzi."

"Ipsa yonse! Ifika m'chiuno n'kuuma! Limenelo ndi bodza lamkunkhuniza!"

"Ndi bodza, eya," anatero Mzime. "Tsono pali mabodza awiri, bambo. Lanu la ziro, ndi ili la buluu. Limodzi liyenera kufa pofika Lachisanu. Musankhe ndinu."

Bambo anayang'ana chigwa chabuluucho nthawi yaitali. Kenako anatambasula dzanja.

"Ndidzutse."

Pamwamba pa kabati ya kuchipinda panali sutikesi yachitsulo imene Mzime chikulire ankaiyesa ya zikalata za nyumba. Anakwera pampando naitsitsa. Pansi pa malaya akale panali magolovesi awiri ouma ngati zikopa za nsomba, ndi timabuku tisanu ndi titatu tomangidwa ndi chingwe cha nsapato. Bambo anamasula mfundoyo ndi mano.

Mzime anatsegula kamodzi. Zolemba zake zinali zomwezija za pa mafomu, nambala 7 ili ndi kalamba m'chiuno. Tsiku, mwezi, chaka. Timu imene anakumana nayo. Kwathu kapena koyenda. Zigoli. Ndipo kumapeto kwa mzere uliwonse, mawu amodzi kapena awiri: fumbi, matope, mvula theka lachiwiri, bwalo ngati dambo.

"Bambo! Munkayeza mvula ngakhale muli pagolo?"

"Munthu wa ntchito ndi wa ntchito," anayankha, akuwongola kolala.

Anakhala patebulo masana onse. Bambo ankawerenga masiku a masewero oyenda, Mzime n'kumaika chizindikiro pa Lamlungu lililonse ndi Lolemba lake. Ntchito ya ola limodzi inatenga maola anayi, chifukwa tsiku lililonse linkabwera ndi nkhani yake.

"Pa 14 Febuluwale, koyenda, kwa anyamata a kunjanji. Ziro kwa ziro. Mzime, tsiku limeneli ndinagwira penate ndi dzanja limodzi, linalo ndikukweza kabudula."

"Lasitiki ndinawauza Lachisanu kuti watha," anatero amayi ali pamakina.

"Pa 28, koyenda, kufakitale ya njerwa. Tinaluza folo kwa wani. Dzuwa linali m'maso."

"Apa mwalemba kuti mvula tsiku lonse."

"Ndiye kuti mvula inali m'maso. Lemba tsikulo, usandifunse ngati wapolisi."

Akafika pa tsiku limene timu inapambana ankawerenga mokweza kuti anansi amve. Akafika poluza ankang'ung'udza ngati akuwerenga mankhwala. Anapeza Malamlungu 94. Mzime atawayerekeza ndi mafomu anaona kuti pa lililonse panali ziro. Malamlungu a masewero a pakhomo anali ndi manambala ake abwinobwino. Kalata anailemba bambo okha, ndi cholembera cha inki, atakana kuti mwana awathandize mawu. Anang'amba mapepala awiri. Pepala lachitatu linali ndi mizere isanu yokha.

Lachinayi onse atatu anakwera basi. Amayi anakana kutsala. "Ndikaone ndi maso anga akuvomera pamaso pa anthu," anatero akumanga mpango wa ulendo. "Mwayi wotere subwera kawiri m'banja."

Atalowa mu ofesi, Wamapu anaimirira mofulumira mpaka mpando wake kugwa. Anabisa kathumba ka mtedza kumbuyo, napereka moni ndi manja awiri, bondo litapinda.

"Wodya mtedza uja ndi ameneyu?" anafunsa bambo.

"Ndi yemweyo."

"Ndamva kuti ndine chidakwa."

"Bambo, inali kompyuta. Ine ndinkangomasulira."

Abwana anavala magalasi, nawerenga kalatayo ataimirira. Anatenga timabuku, nasankha masiku atatu mwachisawawa, natuma Mzime kukatenga mafomu enieni a masikuwo m'kabati. Anayang'ana kabuku, nayang'ana fomu, katatu konse. Amayi okha ndiwo ankaoneka kuti akusangalala ngati ali kukanema.

"Bambo," anatero abwana pomaliza, "ndagwira ntchito ino zaka makumi awiri. Otinamiza ndawaona ambiri. Koma wonama n'kusunga yekha umboni womugwira nawo, wosanja bwino, ndi deti lomwe, ndinu woyamba." Pakona pa mlomo wawo panagwedezeka pang'ono. "Mzime, lowetsa."

Mzime analowetsa masiku 94 aja. Pulogalamu inatenga madzi a Lolemba lililonse, nifunsa masiteshoni a kuphiri ndi kudamu kuti mvula inagwa motani masiku awiriwo, nigawa. Pa nambala iliyonse yogawidwa inaika kanyenyezi, kuti wodzawerenga m'tsogolo adziwe kuti iyi sinawerengedwe ndi diso la munthu. Mzati wa Lolemba unatsika. Wa Lamlungu unanyamuka pachitsa paja n'kufika pamapewa a anzake.

"Dinani apa, bambo."

Bambo anapukuta chala pa jekete. Anadina mwamphamvu ngati akupha nsikidzi. Mapu anayamba kutuluka kuyambira kumwamba, ndipo anthu asanu anaweramira sikirini imodzi, mitu ikugundana. Phiri linatuluka labuluu. M'munsi mwake buluu anaima ngati wagunda khoma, ndipo chigwa chinayala chikasu chake chouma, chosakongola, choona. Pakati pake panali kadontho kobiriwira.

Amayi analuluta mu ofesi ya anthu, mlonda mpaka kusuzumira pakhomo. Wamapu anaomba m'manja, mtedza n'kumwazika pansi. Mzime anapeza kuti akuseka, ndipo mapewa amene anauma chiyambire Lachiwiri anamasuka okha.

"790 pa chaka," anawerenga bambo, mphuno ili pafupi kugunda galasi. "Eya. Imeneyo ndiye mvula yathu." Anatulutsa kansalu, napukuta magalasi amene anali oyera kale.

Atawavalanso, maso awo anayamba kuyendayenda pamapu ngati munthu woyendera munda wa mnzake. Chala chinatsata mtsinje, n'kuwoloka, n'kuima pa kadontho kena kofiira.

"Apa ndi pasukulu ya kutsidya?"

"Eya, siteshoni 31," anatero Mzime. "Imeneyo ichoka mawa. Woyeza wake sitikudziwa kumene ali."

"Vuto lake?"

Wamapu anadina. Mizati isanu ndi iwiri inaima: Lamlungu chitsa, Lolemba bulugamu.

Bambo anayamba kuseka, pang'onopang'ono, chiseko chotuluka m'mphuno, mpaka anagwira phewa la Wamapu kuti asagwe.

"Ankayeza ndi mphunzitsi wamtali, wa mpata kumano?"

Mzime anayang'ana m'kaundula. "Mphunzitsi, eya."

"Nambala naini wa timu ya aphunzitsi! Amayi ake Mzime, mwamva? Njinga ija! Amene anandithyola bondo uja! Tinkakumana kumisonkhano ya oyeza mvula, iye atavala tayi, akulankhula za kukhulupirika pantchito, ine n'kumawomba m'manja. Kani nayenso ankalemba ziro!"

"Ali moyo?" anafunsa abwana.

"Moyo? Amakhala kuseri kwa chigayo, amaweta nkhunda. Mwezi wathawu anandikuwiza pamsika kuti Chitseko chinatha mahinjesi." Anali atamasula kale chingwe cha nsapato chija. "Masiku amene anabwera kudzasewera kwathu ndili nawo onse muno. Enawo akatchula yekha ndikamukumbutsa zigoli zake, sangapirire. Mayi, mapu anu mwati akupita liti?"

"Mawa masana."

"Galimoto ilipo?"

Abwana anayang'ana wotchi, nayang'ana timadontho tofiira tisanu ndi kamodzi totsalato. Anapita m'chipinda mwawo, nabwerako ndi makiyi.

"Khoswe wa padenga anaulula wa padzala," ananong'ona Wamapu akutola mtedza pansi.

Bambo sanamumve. Anali atakhala kale pampando wa mwana wawo, mwendo wouma uli tambalale pakati pa njira, akunyowetsa chala ndi malovu, kutsegula masamba kusaka Lamlungu loyamba limene mphunzitsi anawoloka mtsinje.